Agogo akukalamba: ndingatape bwanji zimene akudziwa?

Funso: Agogo anga, mayi awo a mayi anga, ali kumudzi ku Dedza. Chiphaso chawo cha unzika chimati anabadwa mu 1941, ndipo pa msinkhu wawo atsala okha m'banja mwathu. Amadziwa mzere wa mbumba yathu, malire a minda ndi kasungidwe ka mbewu, koma ife adzukulu tikapita timangotula shuga ndi sopo n'kubwerera. Masiku ano ayamba kuiwalaiwala. Abale ena akuti zonena zawo n'zachikale, ena afika ponong'ona kuti nkhalamba ikamakhalitsa chonchi pali chimene ikudziwa. Ndiyambire pati kuti zimene akudziwa zisapite nawo kumanda? Nanga malangizo oyenera kutsata ndingawasiyanitse bwanji ndi amene anatha ntchito?

Yankho: Ambiri amalakwitsa poyambira. Amafika Loweruka masana, kope ndi cholembera m'manja, n'kunena kuti, "Agogo, tatiuzani za kale." Agogo amaseka, amvekere, "Aa, za kale ziti mwanawe, ine ndinaiwala zonse." Mdzukulu amabwerera kutauni akuganiza kuti wachedwa. Sanachedwe ayi, funso lake ndilo linalibe pogwira. Zimene nkhalamba imadziwa sizikhala m'mutu mokha. Zambiri zili m'manja, m'munda, pamtondo ndi panjira ya kudambo, ndipo zimatuluka ntchito ikamagwirika. Khalani nawo pamphasa mukutong'ola chimanga kapena kusadzula nkhwani. Mukaona akuika chitsononkho china pambali osachitong'ola, funsani kuti, "Chimenecho mwachipatuliranji?" Mudzamva kuti n'cha mbewu, kuti amasankha cha mizere yowongoka, chodzaza mpaka kunsonga, cha makoko otseka bwino, ndipo pobzala amatenga njere zapakati, zakumutu ndi zakunsonga zimapita kumphale. Funso limodzi laling'ono lija likhoza kukufikitsani kwa amene anawapatsa mbewuyo, chaka chimene anakwatiwa, ndi mudzi umene apongozi awo anachokera.

Musanafike pa zonsezi, onani kaye makutu, maso ndi m'kamwa. Nkhalamba zambiri zimene zimatchedwa zoiwala kapena zouma mutu zimangokhala kuti sizikumva. Munthu akapempha kawiri katatu kuti mubwereze, anthu n'kumuseka, amayamba kungovomera "eya" pa chilichonse kapena kungokhala chete. Musawakalipire m'khutu, chifukwa kukuwa kumasokoneza mawu. Khalani patsogolo pawo, pounika, kuti aone milomo yanu, muziyankhula pang'onopang'ono ndi mawu aakulu a pansi, wailesi itazimitsidwa. Nthawi zina vuto limangokhala phula la m'khutu lomwe kuchipatala amachotsa tsiku lomwelo. Ngati pakati pa diso payera, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi; okalamba ambiri amayambanso kuona. Awayezenso kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Mano akatha, munthu amasiya chimanga chokazinga, mtedza ndi nyama, n'kumangodalira phala lamadzimadzi, ndipo wanjala sakamba nkhani. Nsinjiro m'phala ndi m'ndiwo, nyemba zopota, mazira ndi usipa wosinja zimathandiza kwambiri.

Nthawi yabwino yocheza ndi m'mawa dzuwa likayamba kufunda, atadya kale. Madzulo mutu wa wokalamba umakhala utatopa. Mphindi 30 kapena 45 n'zokwana. Masiku anayi a macheza aafupi amapindula kuposa tsiku limodzi lowafinya mpaka kulowa kwa dzuwa. Gwiritsani ntchito chojambulira mawu cha m'foni yanu, koma muwauze kaye ndi kuwamvetsera mawu awo pang'ono kuti adziwe chimene chikuchitika. Foniyo muiike pa nsalu yopinda, kutalika kwa mkono umodzi kuchokera pakamwa pawo, mutatseka netiweki kuti wina asaimbe n'kudula nkhani. Kuseri kwa nyumba kopanda mphepo n'kwabwino kuposa pabwalo. Ola limodzi la mawu limadya malo pafupifupi 60 MB basi, choncho musaope kuti foni idzadza. Poyamba penipeni nenani tsiku, mudzi, ndi amene alipo. Usiku womwewo mverani zimene mwajambula, lembani m'kope lachikuto cholimba mayina onse a anthu ndi malo, ndi mafunso a mawa. Kenaka tumizani mawuwo kwa m'bale wina pa WhatsApp ndi kuwasunganso pa memory card. Mafoni amabedwa m'minibasi tsiku lililonse.

Vidiyo isungireni ntchito za manja: kumanga chikwatu cha mfutso ndi masamba a msuku, kutcheza chidulo, kumeretsa chimera cha thobwa, kuluka mphasa. Zoterezi pofotokoza ndi pakamwa amadumpha masitepe osadziwa, poti manja anazolowera. Njira yabwino koposa n'kuchita inuyo iwo akukudzudzulani. Mukafutsa khwanya iwo n'kukuuzani kuti mwapsetsa, kapena kuti mwayanika padzuwa lambiri, pamenepo ndiye mwaphunzira.

Pali zina zimene sadzakuuzani, ndipo musawakakamize. Za kuchinamwali ndi za kudambwe zili ndi eni ake ndi malo ake. Mdzukulu wamwamuna sangamve kwa agogo aakazi zimene mdzukulu wamkazi angamve. Chimene angakunong'onezeni chokhudza banja, monga mwana amene bambo wake weniweni ndi wina, si cha pa gulu la WhatsApp la abale. Ndipo chonde, nkhalamba si chinthu choseketsa nacho anthu pa TikTok.

Za zaka musalimbane nawo. Anthu a msinkhu umenewo sankawerenga moyo ndi kalendala, ndipo chaka cha 1941 chili pachiphasocho mwina chinangoyerekezedwa pa kalembera wa unzika wa 2017, monga zinachitikira okalamba ambiri. M'malo mofunsa chaka, funsani zochitika. Pa njala ya 1949 anali wamkulu bwanji, ankatha kusenza ndowa kapena anali kumsana? Kamuzu pobwera mu 1958 anali atatha msinkhu? Pa mavuto a Chitaganya mu 1959 anali pabanja? Ufulu wa 1964 unawapeza ndi ana angati? Mwana uti anabadwa ndalama zitasintha kuchoka ku mapaundi ndi masheleni kupita ku kwacha ndi tambala mu 1971? Amuna awo anapita ku Wenela, kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndege yonyamula anthu a ku migodi isanagwe ku Francistown ku Botswana mu 1974 kapena pambuyo pake? Kwa anthu a ku Dedza, nthawi imene othawa nkhondo a ku Mozambique anadzaza m'midzi ya m'malire kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi chikhomo chinanso cholimba, chimodzimodzi riferendamu ya 1993 ndi njala ya 2002. Mukalumikiza zikhomo zimenezi, mbiri yonse ya banja imaima yokha.

Nkhani ya njala muikhalire pansi ndithu, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nzeru zimene sizipezeka kusukulu. Funsani zimene ankadya nkhokwe itatha, mizu ndi zipatso ziti, ankazikonza motani kuti zisaphe munthu, anagulitsa chiyani choyamba ndipo chimene anakana kugulitsa n'chiyani. Kalongonda, mwachitsanzo, amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo. Wosadziwa amaledzera naye. Chinangwa chowawa chimafuna kusenda ndi kuviika masiku angapo. Bowa ndiye musaphunzire pa chithunzi kapena pa kufotokoza. Pitani nawo, kapena abweretsereni pakhonde zimene mwazula kuti asankhe okha ngati maso awo akuonabe bwino.

Mzere wa mbumba ulembeni pa pepala lalikulu, kuyambira kwa mayi wakale kwambiri amene agogo akumukumbukira, kutsika kudzera mwa ana aakazi, monga mmene Achewa amawerengera. Pa munthu aliyense lembani dzina la ubwana, dzina la ukulu, mfunda, kumene anakwatira kapena kukwatiwa, ndi manda amene anagona. Samalani ndi mawu oti "achemwali" ndi "achimwene": funsani nthawi zonse ngati ali a bere limodzi kapena a kwa mayi aang'ono. Funsaninso amene anali mwini mbumba pa m'bado uliwonse ndi amene anaimira unkhoswe pa maukwati akuluakulu. Zimenezi zimaoneka zopanda ntchito mpaka tsiku limene pabuka mkangano wa ufumu kapena wa munda.

Malire a minda musangowamva pakhonde. Ayendedwe. Ngati agogo sangathe kufika, akwezeni pa njinga kapena pa ngolo. Malire akale ndi mtengo wa mkuyu, chulu, khwawa, mzere wa nkhadze, ndipo zina mwa zimenezi zinadulidwa kapena kugumulidwa ndi oumba njerwa. Jambulani chizindikiro chilichonse. Koma apa ndichenjeze: mawu a agogo anu ndi mbali imodzi ya nkhani. Nkhalamba nayo imakondera mbumba yake. Itanani oyandikana nawo munda, a kwa amfumu kapena nyakwawa, ndi amalume anu, muyendere limodzi, zimene mwagwirizana zilembedwe onse asaine kapena adinde chala. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo oterewa, koma kulembetsa kulikonse kumadalira umboni wa anthu odziwa malire, ndipo anthu ake ndi omwewa akutha. Ngati ali ndi katundu wawowawo, monga ziweto, nyumba kapena ndalama, wilo ilembedwe mutu ukadali bwino, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri, makamaka zosalandirako kanthu.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Makolo omwewo amene anati mawu a akuluakulu akoma akagonera ndi amenenso anati tsobola wakale sawawa. Onse awiri ndi miyambi yathu, ndipo imvi pazokha si nzeru. Muyeso wothandiza ndi uwu: funsani ngati chinthucho agogo anachiona ndi maso awo kambirimbiri, kapena anangochilandira ngati lamulo loopseza. Kenaka funsani ngati zinthu zikadali mmene zinalili pamene nzeruyo inkagwira ntchito.

Pa zimene anaona okha kwa zaka 60 kapena 70, akhulupirireni kuposa mlendo aliyense. Amadziwa mbali ya munda imene imadikha madzi, pamene mtsinje unafika chaka cha mvula yoopsa, chitsime chimene sichiphwa mu Okutobala, malo amene sipamangidwa nyumba. Amadziwanso anthu: banja liti lili ndi mbiri yotani, mkangano uti unayamba pati, mawu ati amazimitsa moto pa maliro. Kubzala nyemba, maungu ndi khobwe m'chimanga, kumene ena ankakuyesa umbuli, alangizi a zaulimi akukulimbikitsanso lero.

Zina zinali zoona koma nthawi yazipitirira. Chitsanzo chabwino ndi nkhokwe. Chimanga cha makolo n'cholimba njere ndipo makoko ake amatseka, choncho chinkakhala m'nkhokwe chosatong'ola mpaka mvula ina. Cha haibulidi chambiri n'chofewa, anankafumbwe amachilowa msanga, ndipo masiku ano kuli nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, amene pa utsikana wa agogo kunalibe. Phulusa ndi utsi wa m'khitchini zikhoza kuteteza zitsononkho zochepa za mbewu ndi nyemba za mumphika, koma matumba 20 a chakudya amafuna kuumitsa bwino, kuthira mankhwala kapena kusunga m'matumba osalowa mpweya a PICS. N'chimodzimodzi ndi mvula. Zizindikiro zimene ankaona, kuphukira kwa mitengo, kutentha kwa usiku, chizimalupsa, n'zenizeni, koma mvula ya masiku ano imayamba n'kudula milungu iwiri kapena itatu. Mverani agogo, mverani a zanyengo pa wailesi, ndipo musabzale mbewu yonse tsiku limodzi.

Gulu lachitatu ndi la zimene zimavulaza, ndipo zambiri zili pa uchembere ndi makanda. Mwanamphepo womwetsa mayi kuti matenda ayambe msanga akhoza kung'amba chiberekero. Kupaka phulusa, dothi kapena ndowe pa mchombo kumabweretsa kafumbata. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Chofunika ndi Thanzi ORS, bere ndi chipatala, osati mankhwala omata pamutu. Kudontheza madzi a zitsamba m'maso kwachititsa anthu khungu. Kuletsa mayi woyembekezera mazira kumangomumana chakudya. Zitsamba zina za agogo n'zothandiza ndithu, lembani dzina la mtengo, mbali imene amatenga ndi kakonzedwe kake, koma wakumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP asasiye kapena kuphatikiza osafunsa kuchipatala. Potsutsa zoterezi musachitire pagulu, ndipo musanene kuti "n'zachikale zimenezo". Nenani kuti, "Agogo, kusikelo atiuza kuti pa mchombo tisaikepo kanthu, inu mutithandize kumusambitsa ndi kumufunditsa." Mwakana chinthu chimodzi koma udindo wawo mwausiya m'manja mwawo.

Za kuiwala, pali mitundu itatu yofunika kuisiyanitsa. Kuiwala dzina la mdzukulu n'kulikumbukira pakapita kanthawi, kapena kusaka mpeni umene auika okha, ndi ukalamba wamba. Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakuzindikira anthu, akubwebweta kapena akungogona, amenewo ndi matenda ofuna chipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga kutsika kapena sitiroko, ndipo wokalamba akhoza kudwala zimenezi thupi osatentha n'komwe. Mtundu wachitatu umabwera pang'onopang'ono, miyezi ndi zaka: kufunsa chinthu chimodzi kakhumi, kunena kuti sanadye atangodya kumene, kusochera panjira ya kuchitsime imene ayenda moyo wawo wonse, kunamizira anthu kuba. Amenewa ndi matenda a ubongo amene achipatala amati dementia. Sachira, koma amayamba ndi kufufuta za posachedwa, za kale n'kutsala nthawi yaitali. Munthu woiwala kuti wadya nsima akhoza kukuimbirani nyimbo yonse ya pamtondo ya ali mtsikana. Choncho ngakhale zitakhala zimenezi, mpata ulipo, koma za malire ndi za wilo zichitike msanga.

Manong'onong'o mwatchulawo musawapeputse. Wodwala dementia amasokonezeka kwambiri kukamada, amatuluka usiku kufuna "kwawo" kumene anakulira, amapezeka m'bandakucha kuseri kwa nyumba ya eni kapena kufupi ndi manda, nthawi zina atavula. Anthu akamuzungulira n'kumufunsa mokalipa ngati ndi iye anapha mwana wa uje, amavomera, chifukwa sakumvetsa funso ndipo akuopa. Umu ndi mmene nkhalamba zimaphedwera. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi a banja limodzi mphenzi itapha mtsikana. Ndipo mukafufuza bwino nkhani zambiri zotere, pansi pake pamakhala munda umene wina akuufuna. Lamulo la ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu okalamba. Chitani zinthu mphekesera zisanakule: apiteni nawo kuchipatala, zimene apeza zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala, ndipo inu ndi amalume mukafotokozere amfumu, akumpingo ndi oyandikana nawo kuti agogo akudwala matenda oiwala, akawaona usiku awaperekeze kunyumba. Asamagone okha. Wina akayamba kuopseza, kanenani kupolisi ku Victim Support Unit ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma. Bungwe la MANEPO, loimira anthu okalamba, nalonso limatsata nkhani za nkhanza kwa okalamba.

Mwina mukuganiza zowatengera kutauni. Ganizani kawiri. Kumudzi agogo ndi munthu wodziwa zonse. M'nyumba ya mpanda ku Lilongwe amasanduka mlendo wosadziwa poyatsira magetsi, wongokhala pa mpando kudikira anthu aweruke. Kwa woiwala, malo achilendo amawonjezera chisokonezo. Pokhapokha ngati kulibiretu wowasamala kapena moyo wawo uli pa chiopsezo, n'kwabwino kulimbikitsa chisamaliro komweko: kukonza denga, chimbudzi chapafupi chokhala ndi pogwira, tochi, bulangete la mwezi wa Juni poti Dedza imazizira, ndi munthu mmodzi wodziwika amene ndalama za pa Mpamba kapena Airtel Money zimafikira ndipo amafotokoza mmene zayendera. Kandalama kena kazifika m'manja mwa agogo eni ake. Nkhalamba imene ingathe kupatsa mdzukulu ya sopo kapena kuponya chopereka kutchalitchi imayankhula ndi mphamvu zina. Funsaninso kwa amfumu ngati analembedwa pa Mtukula Pakhomo.

Abale amene akuti zonena zawo n'zachikale simungawagonjetse ndi mtsutso. Adzasintha akaona inuyo, wophunzira wa kutauni, mukuwafunsa agogo zinthu zenizeni ndi kuchita zimene anena. Mwana akabadwa, atche dzina ndi iwo. Pokambirana za chinkhoswe kapena za maliro, wina anene kuti, "Tiyambe tamva agogo," ndipo mudikire ngakhale achedwe kupeza mawu, osawamalizira chiganizo. Mbewu ya chaka chino asankhe ndi iwo. Adzukulu aang'ono muziwatuma kukafunsa agogo dzina la mbalame kapena tanthauzo la mwambi m'malo mowayankha nokha. Nthano ndi zilapi zimabwerera zokha pakakhala ana omvera.

Maulendo anu muwakonze motsata nyengo, chifukwa nyengo iliyonse imatulutsa zake. Mu Januwale mpaka Malichi ndi nthawi ya bowa, ndiwo za kutchire monga chisoso, denje ndi bonongwe, kufutsa, ndiponso nkhani za njala, poti ndi miyezi imene imawakumbutsa. Meyi mpaka Julayi ndi ya kukolola, kusankha mbewu, nkhokwe ndi thobwa, ndipo madzulo ake a pamoto ndi abwino pa mzere wa mbumba. Malire muyende mu Seputembala kapena Okutobala, udzu utapsa, zulu ndi zitsa zikuoneka, anthu asanayambe kukangana ndi makasu m'manja. Ngati mungathe ulendo umodzi wokha chaka chino, sankhani wa malirewo, ndipo muwauziretu amalume ndi amfumu kukadali milungu iwiri.